Oonera Nyenyezi Padenga

Mphunzitsi anakwera padenga la sukulu ndi achimwene ake, atanyamula telesikopu ndi buku la mndandanda wa nyenyezi la malemu bambo awo. Mphunzitsiyo anali atawerengetsera kuti mwezi uphimba nyenyezi nambala 692 nthawi ya 8:14.

Nyenyeziyo inazimirira kutatsala masekondi asanu ndi awiri kuti nthawiyo ikwane.

"Masamu akuvuta iwe," achimwene anaseka, akuunika tsamba la m'bukulo ndi tochi. Kusekako kunathera pomwepo.

M'mphepete mwa tsambalo, momwe masana munalibe kanthu, munali zolemba za bambo awo za pensulo: deti la tsikulo ndi nthawi yeniyeni imene nyenyeziyo inazimirira. Bambowo sankaiwala kulembanso chiwerengero cha oonera.

"Alemba angati, achimwene?" anafunsa mphunzitsi, diso likadali pa telesikopu.

"Atatu. Usacheuke."