Miyezi Iwiri Osanyamula Mdzukulu

A Telala adatuluka m'chimbudzi akukoka miyendo, n'kupeza zomwe ankaopa zija. Mdzukulu wawo, Kabatani, anali pamiyendo pa asewere awo, akuwakoka ndevu uku akufa nazo kuseka.

Mtima udawawa kuposa mkodzo wotentha umene adangotaya kumene. Kamwana aka n'kawo! Dzina loti Kabatani adakapatsa ndi iwo, poona kamphuno kake. Tidiresi tonse timene kamavala adasoka ndi manja awo. Koma lero amangokaonera patali ngati katundu wa m'sitolo.

Zonsezi zidabwera ndi tinjere. Madokotala adawapeza ndi khansa ya prositeti, kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo, ndipo adawaikamo tinjere tachitsulo tonga mpunga, totulutsa mphamvu yowotcha khansayo pang'onopang'ono. Zothamangira kuchimbudzi pafupipafupi a Telala adazipirira. Zokodzera m'kasefa kuopa kuti kanjere kangatuluke n'kutayika adazipiriranso, ngakhale zinali zochititsa manyazi. Koma lamulo lomaliza ndilo lidawathyola msana: kwa miyezi iwiri mwana wamng'ono asakhale pamiyendo pawo, asamufungatire, azicheza naye motalikirana.

Mwana wawo wamkazi, mayi ake a Kabatani, adawatengera kunyumba kwake kuti aziwasamalira. Adawaikira mpando pakona ya pabalaza, pafupi ndi khomo la kuchimbudzi, kutali ndi kapeti imene mwana amasewererapo. Asanazolowere n'komwe, ndi awo atulukira ndi sutikesi asewere, bambo ake a mkamwini wawo. Chibadwire mwanayo, bambo amenewa ankangopereka moni pafoni, ati ntchito yoyendetsa basi siipatsa munthu mpata. Nanga mpatawo waoneka bwanji lero, mwini mdzukulu atamangidwa manja? A Telala sadafunse. Yankho anali nalo kale: munthuyo adamva kuti malo apezeka.

Kuyambira pamenepo adayamba kuwaunika ndi diso lawo la ntchito. Buluku la asewere linali lalikulu, lopindika m'chiuno, ndipo lamba wawo anali ndi mabowo atsopano obooledwa ndi msomali. "Kuumira," adatero a Telala mumtima. "Kuvala za eni ake, pomwe zidole zogulira mwana wa munthu ndiye zosatha." Tsiku lonse asewerewo amangokhala pasofa, pilo kumsana, osagwira ngakhale tsache. Ulesi weniweni. Chakudya amangochitosatosa, matama basi. Chodabwitsa, mwana wawo yemwe wa a Telala amawagwadira anthu otere, n'kumawabweretsera Kabatani akangodzuka.

"Kodi iwe, bambo ako ndani m'nyumba muno?" adamufunsa tsiku lina a Telala.

"Asiyeni, ababa," adayankha motsitsa mawu, maso ali pansi. "Inu mungoganiza zochira."

Masiku oyamba Kabatani ankakwawira kwa a Telala, n'kugwira mwendo wa mpando wawo, manja m'mwamba. A Telala ankaimirira n'kubwerera m'mbuyo, akumuimbira m'manja ngati akuingitsa nkhuku. Mwana amalira, asewere amamutola, kulira kumatha. Kenaka adasiya kubwera. Amangowayang'ana pang'ono ngati mlendo wobwera kudzakonza magetsi.

Ndiye masana amenewa, akuchokera kuchimbudzi kuja, zidafika pamwana wakana phala, ayi, zidaposa pamenepo. Asewere adamutsitsa mwanayo n'kumuimika pakati pa kapeti. Kabatani adaima yekha, miyendo ikunjenjemera. Sadayendepo chibadwire. A Telala adaiwala ululu wonse, adanyonyomala pakona pawo pomwepo.

"Bwera kuno, mkazi wanga," adamunyengerera monga amachitira kale. "Bwera, ndikuonere pafupi chabe."

Kabatani adawayang'ana. Adatembenuka, naponda kamodzi, napondanso, n'kukagwera m'manja mwa asewere.

"Gogo!"

Mawu ake oyamba, mayendedwe ake oyamba, zonse kupita kwa munthu wobwera dzana! Nsanje idawagwira a Telala. Mayi ake a mwana anali kunja akuyanika zovala, ndipo panalibe wowaletsa.

"Zikomo kwambiri, asewere," adatero a Telala. "Mwandilanda mkazi ine ndili moyo. Mwapezerapo mwayi pa matenda anga, eti? Chaka chonse munali kuti? Ine ndimamusintha matewera, inu muli pamsewu kuimba hutala. Mukadakhala mwamuna mukadadikira miyezi iwiri yokhayi ithe, tidzaone kuti adzathamangira kwa yani. Koma ayi, mwaona kuti mnzanu ali ndi tinjere, basi phamu pasofa!"

Asewere sadakwiye. Adamukweza mwanayo movutikira, akuluma mano, n'kumukhazika pabondo. Kabatani adabisa nkhope m'shati mwawo.

"Tinjere tanuto, asewere," adafunsa modekha, "akuti tigwira ntchito?"

"Akuti ndichira. Ndiye musamasangalale msanga."

"Ndasangalala kale," adatero asewere, akusisita kamutu ka mwanayo. "Matenda anuwo ndi anganso. Ine ndidapempha tinjere tomweto, koma akuti ndidachedwa, khansayo yalowa kale m'mafupa. Ndidawauza anawa kuti asakuuzeni mpaka mupeze bwino. Miyezi iwiri mukudikirayo, ine sadandilonjeze."