Tiziphuphu ta Telala

Telala anatsitsa buluku mpaka m'mawondo, maso ali kudenga. Dokotala anakokera nyale pafupi n'kuwerama.

"Mwationa liti tiziphuphu timeneti?"

"Sabata yatha, adokotala, ndikusamba." Manja ake, amene saphonya polowetsa ulusi pa singano, anagwira malaya m'mwamba.

"Timayabwa? Tikukula?"

"Ayi."

Dokotala anayang'anitsitsa. Kenako anavula magolovesi.

"Izi si njerewere zopatsirana pogonana, bambo. Tanuti n'tosalala, n'tofanana kukula, ndipo tandanda mzere kuzungulira kumutu kwa malisechewa. Njerewere zimakhala zokhakhala, zimamera mwachisawawa, n'kumachulukana. Amuna ambiri ali nato, ndi mmene khungu lilili basi. Mwina mwakhala nato kuyambira unyamata, kungoti simunkadziyang'anitsitsa. Simunatitenge kwa munthu."

Telala anakweza buluku, koma nkhope sinamasuke.

"Bwanji, simukukondwa?"

"Mayi akunyumba ali pabenchi panjapo," anatero motsitsa mawu. "Ndawaululira m'mawa uno kuti ndinagona ndi mkazi wina mwezi watha. Ndimati poti ndawapatsira kale matenda, bola amve kwa ine. Chiwauzireni, sanayankhe kanthu."

Dokotala anaika cholembera patebulo.

"Ndiye tiyezebe magazi, nonse awiri. Ndiwaitane alowe?"

Telala anayang'ana chitseko. Kunja kunamveka kutsokomola kumene ankakudziwa bwino.

"Dikirani kaye pang'ono, adokotala," anatero, n'kukhala pampando.