Bowo la Bwato

"Kokani mimba m'kati, mulowa."

"Si mimba, bambo a mwana. Ndi chiuno."

Mkaziyo anali atakakamira pabowo lokhalira la bwato lowonda la panyanja, limene mwamuna wake anakhoma yekha m'galaja, ati mphatso ya mkazi wake. Miyendo inalowa, chiuno chinakana.

"Bowo laling'ono sililowetsa mafunde," anatero bamboyo, maso ali pa utuchi.

Mkaziyo anadzisolola, n'kusuzumira m'kati. Mpando unali kufupi ndi chopondera, malo a munthu wamfupi. Pamsomali panalendewera chingwe choyezera, chomangidwa mfundo. Anachizunguliza m'chiuno mwake. Chinaperewera ndi chikhatho chathunthu.

Bamboyo anasiya kupukuta sowo.

"Chiuno chimenechi munayeza cha ndani?" anafunsa mkaziyo.