Mpunga wa M'tsamba la Nthochi

Anamugwaditsa Prafulla Digal pabwalo la msika dzuwa lili paliwombo. Tchalitchi chimene ankatsogolerako mapemphero chinkayaka kumbuyo kwake, utsi wake wotsamwitsa utadzaza bwalo lonse. Amuna a zikwanje anamuzungulira. Lamulo lawo linali limodzi: Mkhristu aliyense adye mpunga woperekedwa nsembe kukachisi, abwerere kwa milungu ya makolo. Wokana, chikwanje.

Prafulla anali atalumbira pa tsiku la ubatizo wake kuti chakudya cha nsembe sadzachilawanso. Kwa zaka makumi awiri, chikondwerero chilichonse, mnansi wake Bidyadhar ankabwera nacho pampanda, iye n'kumakana moseka: "Achimwene, milungu yanu imakana adyo ndi anyezi. Chakudya chosakoma chotere idyani nokha." Bidyadhar ankangoseka, m'mawa mwake n'kumubwereka ng'ombe zolimira.

Lero Bidyadhar yemweyo anakankha anthu n'kulowa pakati, atanyamula tsamba la nthochi lokulunga.

"Uyu ndi wanga! Wandinyoza zaka zambiri galu ameneyu."

Wina anatambasula dzanja kuti alandire tsambalo. Bidyadhar anamukankha pachifuwa. Anatembenuka n'kumuwomba mbama Prafulla, kenako chibakera. Dzino linagwera m'fumbi.

"Yasama, iwe!"

Chiyambire anali asanamutchulepo "iwe". Prafulla analuma mano otsalawo n'kupemphera chamumtima: Ambuye, ndilandireni, ndipo uyu mumukhululukire. Chikwanje cha munthu wina chinamukhudza pakhosi, chozizira.

Bidyadhar anamukoka tsitsi, n'kumufinya mphuno mpaka mpweya unamuthera. Kamwa itatseguka, anakankhiramo mpunga n'kutsekapo ndi chikhatho. Mpunga wotsalawo anauponya pamoto, ndi tsamba lomwe.

"Wameza! Nonse mwaona!"

Khamu linakuwa mokondwa n'kuthamangira kunyumba ina. Bidyadhar anapita nawo osacheuka.

Prafulla anatsala chigonere m'fumbi akulira. Moyo anali nawo, koma lumbiro lake linali litasweka, ndipo woliswa anali munthu amene ankamutchula dzina m'mapemphero tsiku lililonse. Anayendetsa lilime kuti alavule zotsalira.

Kuseri kwa magazi kunali kukoma kwina, koyabwa, kodziwika bwino. Adyo. Adyo wambiri, ndi anyezi wokazinga.

Mpunga uja sunafikeko kukachisi.