Fodya Wozulidwa ku Simlemba

Fainess analowa m'chipatala pambuyo pa amuna ake, a Amosi, omwe alamu ake anawamanga manja ndi luzi losokera fodya.

"Mayi, achita chiyani chachilendo?" anafunsa dokotala.

Fainess anayankha kuti, "Azula fodya yense kumunda. Dzulo mwana wathu anakomoka akuthyola masamba a fodyayo, mpaka pano akungosanza."

"Munthu wabwinobwino angazule fodya wokhwima?" anakalipa mlamu wamkulu. "Lembani kuti wapenga!"

Dokotala anayang'ana Fainess. "Inuyo mukuti bwanji? Akudwala?"

Akanena kuti ayi, alamuwa amuthamangitsa pamudzi. Akanena kuti inde, a Amosi sabwereranso kunyumba lero.

Fainess anabisa manja ake odzaza utomoni m'chitenje. Mizere itatu yomalizira ya fodyayo anazula ndi iye mwini.