Nkhono Sayenda Osasiya Mzere

Padangokhala, inu muziti tili tonse, Nkhono ndi Gologolo ankagulitsa zitumbuwa moyandikana pamsika. Tsiku lina Nyamalikiti, wokhometsa msonkho, adalengeza kuti: "Malonda onse muzilemba pafoni, n'kutumiza mwezi usanathe. Wolephera timulanda benchi."

Kuyambira pamenepo, Nkhono akagulitsa chitumbuwa ankayamba wadinadina foni ndi kanyanga kake, wogula ali chiimire.

"Achimwene, mpaka chizizire?" ankaseka Gologolo. "Ine timalisiti tanga ndimakwirira pansi ngati mtedza. Ndidzalemba tonse tsiku limodzi!"

"Kwirirani, alamu," adatero Nkhono osadzutsa mutu. "Ife kwathu sitiyenda osasiya mzere."

Tsiku lomaliza litafika, Gologolo adakumba apa, adakumba apo, mpaka msika wonse udasanduka munda. M'dzenje la makumi anayi adapezamo Chiswe akutokosa m'mano.

"Zikomo bwana, timapepala tamafuta tija tinakoma. Mwezi wamawa muthireko kamchere."

Nyamalikiti atabwera, adaweramitsa khosi lake lalitali lonse pafoni ya Nkhono, amene anali atatumiza kale zake dzana. Adapeza chitumbuwa chilichonse chili ndi tsiku lake.

"Aaa, bambo inu! Ngakhale chimene adadya apongozi anu osalipira mwalemba?"

"Chinatuluka m'dengu, bwana."

Nyamalikiti adavula chipewa. Benchi ya Nkhono idatsala, ya Gologolo Nyamalikiti adaisenza pamutu n'kupita nayo. N'chifukwa chake mpaka lero mukamuona Gologolo akukumbakumba, musamufunse za mtedza, akufuna malisiti.

Yathera pompa, kaphuleni zitumbuwa zisapserere.