Njovu Inagwada pa Chulu

Padangokhala Njovu. Tsiku lina akuthamangira kumadzi, anaponda chulu cha Chiswe n'kuchiphwanya chonse. Popepesa, anatuma Nyani kukapereka mitolo ya nkhuni zouma, chakudya chapamtima cha Chiswe.

Chiswe anazibweza. "Kawauzeni a Njovu kuti ana anga akupsa ndi dzuwa. Nkhuni si nyumba."

Njovu anabwera yekha atakwiya. "Kachilombo iwe, ukufuna chiyani?"

"Chulu changa, bambo. Muchimange monga ndinachimangira ine: kadothi kamodzikamodzi, konyowetsa ndi malovu."

"Zomwezo basi?" anaseka Njovu, nagwada n'kuyamba.

Chilimwe chinatha, mvula inagwa n'kusiya, Njovu ali chigwadire, m'kamwa muli gwa. Nyama zonse zinasonkhana, zili kukamwa yasa, kuona chimphona chikutumikira kachilombo.

Potsiriza Njovu anayang'ana kachulu kake kosafika n'komwe m'bondo, ndipo anafunsa Chiswe: "Mayi, phiri lonse lija munalimanga ndi kakamwa kanuko?"

"Tsopano mwadziwa chimene munaphwanya," anatero Chiswe. "Dzukani, mwalipira."

N'chifukwa chake mpaka lero Njovu, ukulu wonsewo, amayenda mwakachetechete, akuyang'anitsitsa poponda. Nthano yanga yathera pachulu pomwepo.